Momwe mungayezere ngati mankhwala a m'madzi akusokoneza mahomoni ndi mazira a nsomba

Ophunzira za ulimi wa nsomba ndi za chilengedwe amabwera ndi funso limodzimodzi chaka ndi chaka: akukayikira kuti madzi a mtsinje wakutiwakuti, kapena mankhwala ena ake a kumunda, akuwononga kuswana kwa nsomba, ndiye ayeze bwanji? Ambiri amafunsa atagula kale nsomba, ena atathira kale mankhwala m'mathanki, pamene zolakwika zikuluzikulu zachitika kale. Ndalemba pano yankho lonse motsatira ndondomeko nambala 229 ya OECD, bungwe la mayiko loona za chuma ndi chitukuko, yoyeza kuswana kwa nsomba kwa masiku 21, chifukwa ndiyo imene akatswiri a mayiko ena adzayerekezera nayo zotsatira zanu.

Poyamba dziwani chimene mukusaka. Dzira la nsomba silikula lokha. Ubongo umatumiza uthenga ku kachiwalo kotchedwa pituitary, iko nkutulutsa mahomoni amene amapita ku thumba la mazira. Kumeneko maselo ozungulira dzira amapanga testosterone, homoni yachimuna, kenako enzyme (puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi) yotchedwa aromatase imaisandutsa estradiol, homoni yachikazi. Estradiol ikafika kuchiwindi, chiwindi chimapanga puloteni yotchedwa vitellogenin, imene imayenda m'magazi nkukalowa m'dzira nkukhala chakudya chachikasu chija chimene kamwana ka nsomba kamadya kasanayambe kusaka kokha. Nsomba yaimuna nayonso ili ndi jini ya vitellogenin, koma imangogona. Mankhwala otengera estradiol akalowa m'thupi mwake, jiniyo imadzuka, ndipo yaimuna imayamba kupanga chakudya cha mazira amene ilibe. Ichi ndicho chizindikiro chodalirika kwambiri chimene tili nacho.

Mlingo wa mankhwala wokwanira kusokoneza nsomba ndi wochepa modabwitsa. Ku Experimental Lakes Area ku Ontario, m'dziko la Canada, akatswiri anathira ethinylestradiol, homoni ya m'mapiritsi olera, m'nyanja yaing'ono yotchedwa Lake 260 kuyambira 2001 mpaka 2003, pa mlingo wa mananogalamu 5 mpaka 6 pa lita. Nsomba za mtundu wa fathead minnow zinatsala pang'ono kutheratu m'nyanjamo. Nanogalamu imodzi pa lita ndi chimodzimodzi galamu imodzi m'malita 1 biliyoni. Musaiwale kachulukidwe kameneka, poti mavuto ambiri a m'munsimu akuchokera pomwepa.

1. Sankhani nsomba

Ndondomekoyi imavomereza mitundu itatu: zebrafish, medaka ndi fathead minnow. Yosavuta kupeza ndi kuweta ndi zebrafish, kansomba kamizeremizere ka ku India ndi Bangladesh. Kamaikira mazira pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mazira ake amaonekera mkati. Kufooka kwake nkoti sikaonetsa bwino zizindikiro zakunja zachimuna zimene mungawerenge, choncho ngati mukukayikira mankhwala otengera testosterone, monga trenbolone amene mayiko ena amanenepetsera ng'ombe, fathead minnow kapena medaka ndiye abwino.

Ambiri amafuna kuyamba ndi chambo kapena makumba poti ndi nsomba zathu. Maganizowo ndi abwino koma ntchito yake njovuta: zazikazi zimafungatira mazira m'kamwa, siziikira tsiku ndi tsiku, ndipo m'masiku 21 mukhoza kupeza kuti theka la zazikazi silinaikire ngakhale kamodzi. Yambani ndi zebrafish, nsomba zathu zibwere pambuyo. Zebrafish ndi nsomba yachilendo, choncho pezani chilolezo ku dipatimenti ya za nsomba komanso ku komiti yoona za kafukufuku pasukulu panu, ndipo ngakhale imodzi isalowe m'ngalande kapena mumtsinje.

Tengani nsomba za msinkhu umodzi, za masabata 16 kapena kusiyanako ndi masabata awiri, zochokera pamalo amodzi. Za m'sitolo zogulitsa nsomba zokongoletsera m'nyumba n'zosadalirika chifukwa simudziwa zaka zake ngakhale zimene zinadyetsedwa.

2. Konzani madzi, mathanki ndi chakudya

Mathanki akhale agalasi, a malita pafupifupi 20. Pewani zidebe ndi mapaipi apulasitiki: polycarbonate imatulutsa bisphenol A, mapaipi ofewa a PVC amatulutsa ma phthalate, ndipo zonsezi ndi mankhwala omwewo amene mukusaka. Galasi, chitsulo chosachita dzimbiri ndi Teflon ndi zimene zingakhudze madzi. Osatsuka ndi sopo wa ufa wochapira zovala kapena wotsukira mbale, poti sopo wina ali ndi zinthu zimene zimasanduka nonylphenol, mankhwala enanso otengera estradiol. Tsukani ndi madzi otentha, mutsukuluze ndi acetone kapena ethanol, muumitse.

Madzi a pampopi adutse pa makala osefera kuti klorini achoke. Kutentha kukhale madigiri 26, kusapitirire madigiri awiri m'mwamba kapena pansi, ndipo mathanki asasiyane kuposa madigiri 1.5 pa nthawi imodzi. Kuwala maola 16, mdima maola 8, pogwiritsa ntchito kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa kokha. Okosijeni asatsike pansi pa 60 peresenti ya amene madziwo angathe kusunga. Magetsi akathima usiku m'mwezi wa June kapena July, madzi amazizira, pampu ya mpweya imaima, nsomba zimasiya kuikira, ndipo inu mudzalemba kuti ndi mankhwala. Musayambe musanapeze batire kapena jenereta yodziyatsa yokha.

Chakudya chabwino ndi brine shrimp, tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi amchere, kawiri patsiku. Chakudya chokhala ndi soya wambiri chili ndi genistein, amene amagwira ntchito ngati estradiol wofooka, ndipo chikhoza kukweza vitellogenin mwa zazimuna za gulu loyerekezera, lomwe ndi la nsomba zosathiridwa mankhwala. Zikatero palibenso choyerekezera.

3. Zolowetsani nsomba, kenako werengani mazira musanathire kanthu

Nsomba zikhale m'labu masabata osachepera awiri. Zikafa zoposa 10 peresenti m'masiku 7, gulu lonselo lisagwiritsidwe ntchito. Zikafa pakati pa 5 ndi 10 peresenti, dikirani masiku ena 7.

Kenako ikani zazimuna 5 ndi zazikazi 5 m'thanki iliyonse. Yaikazi imakhala ndi mimba yotukuka yoyererako ndi kathupi kakang'ono kotulukira kutsogolo kwa chipsepse chapansi. Yaimuna ndi yowonda, yofiirirako. Werengani mazira tsiku lililonse kwa masiku 7 mpaka 14 m'madzi oyera. Konzani mathanki ochulukirapo kuposa amene mukufuna, kuti osaikira bwino muwachotse. Otsalawo muwandandalike kuyambira oikira kwambiri mpaka oikira pang'ono, ndipo muwagawe mwamaere m'magulu mwakuti gulu lililonse lilandireko oikira kwambiri ndi oikira pang'ono. Anthu amadumpha sitepe imeneyi pofuna kupulumutsa sabata imodzi, koma mathanki a zebrafish amasiyana kwambiri mwachibadwa, moti popanda kuwerenga koyambaku simungadziwe ngati kuchepa kwa mazira ndi kwa mankhwala kapena thankiyo inali yaulesi kale.

4. Sankhani milingo

Mufunika milingo itatu ya mankhwala, gulu la madzi okha, ndi gulu la madzi ndi chosungunulira chokha ngati mwasungunulira mankhwalawo mu ethanol kapena m'chosungunulira china chotchedwa DMSO. Ndondomekoyi imati mathanki awiri pa gulu la zebrafish. Ngati malo alipo ikani anayi. Mlingo wapamwamba usaphe kapena kudwalitsa nsomba, usapitirire mamiligalamu 10 pa lita, ndipo usapitirire pamene mankhwalawo amathera kusungunuka. Milingo italikirane ka 3.2 mpaka ka 10. Ngati mukuyesa madzi otuluka ku suweji kapena kufakitale, asakanizeni ndi madzi oyera, monga 10, 32 ndi 100 peresenti, koma yezani kaye amoniya, poti amoniya amapha nsomba mahomoni asanaonetse chilichonse.

Onjezani gulu limodzi la ethinylestradiol pa mananogalamu 10 pa lita. Gulu limeneli liyenera kukweza vitellogenin mwa zazimuna mosakayikitsa. Likapanda kutero, vuto lili m'njira yanu, ndipo "sitinapeze kanthu" wa magulu enawo alibe tanthauzo.

5. Ikani mankhwala m'madzi, ndipo tsimikizani kuti alimodi

Apa ndi pamene kafukufuku wambiri amafera, ndipo malangizo ambiri amangodutsapo ndi mzere umodzi. Zimene mwathira si zimene nsomba ikumwa.

Tiyambe ndi kusungunula. Sikelo yabwino ya m'labu singayeze mananogalamu, choncho mumatsika pang'onopang'ono. Yezani mamiligalamu 10 a ethinylestradiol, musungunule mu mamililita 100 a ethanol. Mililita iliyonse tsopano ili ndi mamaikulogalamu 100 (maikulogalamu imodzi ndi mananogalamu 1,000). Tengani mililita imodzi ya amenewa, mudzaze ndi ethanol mpaka mamililita 100. Mililita iliyonse ili ndi maikulogalamu imodzi. Thanki ya malita 20 pa mananogalamu 10 pa lita ifuna mananogalamu 200, amene ndi mamaikulolita 200 (mililita 0.2) a botolo lachiwirili. Ethanol m'thankimo adzakhala mamaikulolita 10 pa lita, pansi kwambiri pa malire a 100. Cholakwika chofala ndi kutunga m'botolo limodzi pa milingo yonse, kwinaku 20, kwinaku 200, zimene zimapangitsa kuti chosungunulira chisiyane pakati pa magulu. Pangani botolo lakelake pa mlingo uliwonse, kuti thanki iliyonse, kuphatikizapo ya chosungunulira chokha, ilandire mamaikulolita 200 ndendende. Mabotolo akhale agalasi lakuda, m'firiji, olembedwa tsiku. Musathire timadontho timeneti mwachindunji pamene pali nsomba. Sakanizani kaye m'botolo lalikulu lagalasi ndi madzi onse, muvundule bwino, kenako muthire m'thanki.

Mankhwala akalowa m'thanki amayamba kuthawa. Ena amamatirira pagalasi, pazotsala za chakudya ndi pandowe za nsomba. Ena amadyedwa ndi mabakiteriya, makamaka estradiol wachilengedwe, ndipo ethanol yemweyo amadyetsa mabakiteriyawo mpaka galasi kuchita utelezi. Ena amaphwanyidwa ndi kuwala, ena amalowa m'nsomba zomwezo. Nchifukwa chake ndondomekoyi imafuna madzi oyenda, osinthika kasanu kapena kuposerapo patsiku, ndi pampu yodontheza mankhwala. Ngati mulibe pampu yotere, sinthani madzi ambiri tsiku lililonse pa ola lomwelo, mupope ndowe ndi zotsala pansi, ndipo munene poyera mu lipoti lanu kuti munatero. Mathanki adzazidwe ndi madzi a mankhwala masiku angapo nsomba zisanalowe kuti galasi likhute kaye.

Kenako yezani. Tungani madzi pa tsiku loyamba ndiponso sabata iliyonse, m'magulu onse kuphatikizapo loyerekezera. Ngati mukusintha madzi pamanja, tungani kawiri: atsopano, ndi akale musanawataye. Pa milingo ya mananogalamu mufunika theka la lita kapena lita yathunthu m'botolo lagalasi lakuda. Sefani pa sefa ya ulusi wagalasi, musunge pa madigiri 4, ndipo pasanathe masiku awiri mudutsitse madziwo pa katiriji ya SPE, monga C18 kapena Oasis HLB, imene imagwira mankhwala nkusiya madzi. Makina oyezera ndi LC-MS/MS, ndipo sapezeka paliponse. Ubwino wake ngwakuti katiriji youmitsidwa bwino, yokulungidwa mu foyilo ndi kuumitsidwa m'firiza, imatumizika ku labu ya kutali mosavuta kuposa mabotolo a madzi. Pezani labu imeneyo ndi mtengo wake musanagule nsomba, ndipo afunseni mlingo wotsikitsitsa umene makina awo amaona. Ngati amaona kuyambira mananogalamu 5, mlingo wanu wa nanogalamu imodzi sudzatsimikizika.

Lamulo ndi loti milingo yoyezedwa isachoke pa avereji yake kuposa 20 peresenti. Ikasiyana ndi imene munathira, lembani zotsatira zanu potengera yoyezedwayo. Ndalama zikachepa, chepetsani milingo kapena mathanki, osati kuyeza madzi.

6. Werengani mazira m'mawa uliwonse

Zebrafish imaikira kuwala kukangoyamba, ndipo makolo amadya mazira awo. Madzulo ikani pansi pa thanki mbale yagalasi yophimbidwa ndi sefa yachitsulo imene mazira angadutse koma nsomba ayi. Ichotseni patatha ola limodzi magetsi atayaka. Tsanulirani mazira m'mbale ya Petri, muwerenge onse, kenako muone pa maikulosikopu: dzira lokumana ndi umuna limaonekera mkati ndipo maselo ake amakhala akugawikana bwinobwino, pamene losakumana nawo limadzasanduka loyera ngati mpunga wophika. Lembani mazira pa yaikazi yamoyo iliyonse patsiku; yaikazi ikafa, chogawira chisinthe kuyambira tsiku lomwelo. Nsomba yakufa isalowedwe m'malo. Lembaninso ngati nsomba zikukana chakudya, zikupuma pamwamba, kapena zatupa mimba. M'gulu loyerekezera zikafa zoposa 10 peresenti, kafukufuku yense wagwa.

7. Tsiku la 21: vitellogenin

Musadyetse nsomba kwa maola 12. Zigonetseni ndi MS-222, mamiligalamu 100 mpaka 500 pa lita, wosakaniza ndi mamiligalamu 300 a sodium bicarbonate pa lita, chifukwa MS-222 payekha ndi wa asidi ndipo amazunza nsomba. Yezani kulemera ndi kutalika. Magazi a zebrafish ndi ochepa kwambiri, choncho njira yosavuta ndi kudula mutu kuseri kwa zipsepse za pachifuwa ndi mchira kuseri kwa chipsepse cha pamsana, kuziyeza pamodzi, ndi kuzipera mu buffer (madzi amchere oteteza kuti asidi asasinthe) wozizira wokhala ndi mankhwala oletsa puloteni kuphwanyika, wochuluka ka 10 kuposa kulemera kwa nyamayo. Zungulitsani mu centrifuge (makina ozungulitsa machubu kuti zolemera zikhale pansi) yozizira, mutenge madzi a pakati, osakhudza mafuta a pamwamba, mugawe m'timachubu tingapo, muumitse pa madigiri 80 pansi pa ziro. Vitellogenin imaphwanyika msanga ikatentha kapena ikasungunulidwa kawiri, ndiye chilichonse chikhale pa ayezi.

Yaikazi yokhwima ili ndi vitellogenin wochuluka kambirimbiri kuposa yaimuna. Kadontho kosaoneka ndi maso kotsalira pa lumo kangapangitse yaimuna yabwinobwino kuoneka ngati yasokonezeka. Yambani ndi zazimuna, yambani ndi gulu loyerekezera, ndipo tsukani zida ndi ethanol mukatha nsomba iliyonse. Tsegulani mimba ya nsomba iliyonse mutsimikize ngati ndi yaimuna kapena yaikazi. Maonekedwe akunja amanamiza.

Yezani vitellogenin ndi ELISA, zida za m'labu zoyezera kuchuluka kwa puloteni, yopangidwira zebrafish. Ya nsomba ina ikhoza kupereka manambala ooneka bwino koma olakwika. Sampulo iliyonse muisungunule pa milingo iwiri kapena itatu kuti umodzi ugwere pakati pa mzere woyerekezera, umene umachokera ku milingo yodziwika kale ya vitellogenin.

8. Onani mkati mwa thumba la mazira

Gawo la pakati la nsomba liikeni mu Davidson's kapena Bouin's, mankhwala oteteza nyama kuti isaole, wochuluka ka 10 kuposa nyamayo, mimba itatsegulidwa kuti mankhwala alowe. Pakatha maola 24 musamutsire mu ethanol wa 70 peresenti. Dulani tizidutswa ta mamaikuloni 4 kapena 5 (mamaikuloni 1,000 ndi milimita imodzi), mupake utoto wa hematoxylin ndi eosin, ndipo mutenge pa kuya kosiyanasiyana, osati malo amodzi.

Muona mazira a misinkhu ingapo pamodzi: aang'ono akuda opanda kanthu mkati, ena okhala ndi timatumba toyera m'mbali, ena amene ayamba kudzaza timibulu ta chakudya, ndi aakulu odzaza. Yerekezani kuchuluka kwa msinkhu uliwonse. Sakani mazira ovunda, amene khungu lake lakwinyika nkung'ambika ndipo thupi likuwayamwanso. Mankhwala otseka aromatase, monga prochloraz wophera nkhungu pa mbewu, amasiya mazira aakulu opanda chakudya chokwanira. Mwa zazimuna sakani mazira aang'ono pakati pa umuna, chizindikiro chimene chinapezeka mwa nsomba za roach kumunsi kwa masuweji ku England. Wowerenga masilaidi asadziwe gulu limene silaidi yachokera.

9. Tanthauzirani mosamala

Chowerengera chanu ndi thanki, osati nsomba. Nsomba 10 za m'thanki imodzi zamwa madzi amodzi, choncho kuziwerenga ngati zitsanzo 10 zosiyana kumakupatsani kusiyana kwabodza. Manambala a vitellogenin muwasandutse kukhala logarithm musanayerekeze, zazimuna pazokha, zazikazi pazokha, ndipo gwiritsani ntchito njira ya masamu yoyerekezera magulu ya Dunnett kapena ya Jonckheere-Terpstra.

Vitellogenin akakwera mwa zazimuna, mankhwalawo akutengera estradiol. Akatsika mwa zazikazi pamodzi ndi mazira, mwina aromatase watsekedwa kapena pali mankhwala otengera testosterone, koma musathamangire: chiwindi chodwala nachonso chimachepetsa vitellogenin, ndiye onani masilaidi a chiwindi. Mazira akachepa vitellogenin osasintha, nenani zokhazo, kuti kuswana kwakhudzidwa, musatchule mahomoni. Kumbukiraninso kuti masiku 21 pa nsomba zazikulu saonetsa zimene zimachitikira tiana pa nthawi imene tikukhala taamuna kapena taakazi. Zimenezo zimafuna ndondomeko nambala 234.

10. Mukapita kumtsinje

Ku South Africa akatswiri anapeza milamba yokhala ndi mazira m'thumba la umuna ku Rietvlei pafupi ndi Pretoria, ndiponso nsomba za Oreochromis mossambicus, za gulu la chambo, zotero mumtsinje wa Luvuvhu ku Limpopo, dera limene DDT amapoperedwa m'nyumba pothana ndi malungo. Mitundu yonse iwiri ilipo kuno m'chigwa cha Shire, choncho njira zawo zingagwire ntchito pa mitsinje yodutsa m'mizinda monga Mudi ndi Lilongwe, kapena kumunsi kwa malo oswetsera nsomba amene amadyetsa tiana methyltestosterone kuti tonse tikhale taamuna.

Gwirani nsomba kumtunda ndi kumunsi kwa malo okayikitsawo m'sabata imodzimodzi, za msinkhu wofanana, poti thumba la mazira limasintha ndi nyengo: mlamba wa m'dzinja ndi wa m'chilimwe sangayerekezedwe. Nsomba yogona usiku wonse mu ukonde kapena yogula padoko siyeneranso kuyezedwa. Tengani magazi nsomba ili yamoyo, kumtsempha wa kumchira, ndi jekeseni yotsukuluzidwa ndi heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, muike pa ayezi pomwepo. Yezani thumba la mazira, mugawe ndi kulemera kwa nsomba yonse, muchulukitse ndi 100, kuti muyerekeze kukula kwa thumbalo pakati pa nsomba za kumtunda ndi za kumunsi. Popeza nsomba za mumtsinje zimayenda, njira yodalirika kuposa ndi kuika zazimuna zoleredwa m'madzi oyera m'makhola a waya, ena kumtunda ena kumunsi, kwa masabata atatu. Gwirizanani ndi mfumu ndi asodzi a pamalopo musanaike makholawo, ndipo pakhale munthu wowayang'anira.

Madzi onse a mankhwala ochokera m'labu adutse pa makala osefera musanawataye, ndipo makalawo, mitembo ya nsomba ndi zotsala za m'mabotolo zipite kotenthera zinyalala za m'labu, osati m'sinki kapena kudzala.